Chaka choyamba ku Chanco: momwe mungakonzere tsiku, ndalama ndi macheza anu

Dzina lanu latuluka pa mndandanda wa National Council for Higher Education, kwanu anthu alulutira, ndipo tsopano mukulongedza katundu wopita naye ku Chanco, University of Malawi ya ku Zomba imene kale inkatchedwa Chancellor College. Aliyense wokutsanzikani akunena mawu amodzimodzi: "Ukalimbikire sukulu." Mawuwo ndi oona, koma sakukuuzani chochita ikadzakwana 5 koloko madzulo a Lachiwiri, kalasi yatha, m'thumba mwatsala pang'ono, magetsi azima ku Chikanda, dera loyandikana ndi sukulu komwe ophunzira ambiri amachita lendi, ndipo palibe wokufunsani komwe muli.

Amene amavutika ku yunivesite si anthu opanda nzeru. Aliyense amene wafika pa Chirunga, malo amene pali Chanco, anakhoza bwino mayeso ake. Chimene chimagwetsa ambiri ndi tsiku lopanda dongosolo, ndalama yothera pakati pa mwezi, ndi anzawo amene anangowatola m'sabata yoyamba osawadziwa mtima. Zitatuzi zimakokana. Ndalama ikatha mumagona ndi njala, mukagona ndi njala kalasi ya m'mawa imakudutsani, ndipo ikakudutsani mumayamba kudalira mnzanu aliyense amene ali ndi manotsi kapena ufa. Malangizowa ndawalemba poganizira za Chanco, koma wopita ku MUBAS kapena KUHeS ku Blantyre, ku Bunda, ku Mzuni ku Luwinga kapena ku MUST ku Thyolo apezamo zambiri zomukhudza.

Yambani ndi pogona, musanachoke kwanu

Malo m'mahositelo a pasukulu ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira, choncho musanyamuke ndi chiyembekezo chokha. Funsirani malo a pasukulu nthawi yake ikakwana, koma konzaninso pothawira. Ambiri amene sapeza malo amakhala ku Chikanda chifukwa ndi koyenda pansi. Ena amapita ku Matawale, ku Ndola kapena ku Chinamwali, komwe mwina nyumba ingakhale yabwinoko koma tsiku lililonse mumalipira kabaza kapena minibasi. Werengerani lendi pamodzi ndi thiransipoti. Nyumba yotsika mtengo yakutali imatha kukudyerani zambiri kuposa yodula yapafupi, ndipo nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mtunda umenewo mumaumva m'mafupa.

Musatumize dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene mwangomupeza pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp. Zithunzi za chipinda aliyense angathe kujambula. Pitani mukaone nokha, kapena tumani munthu amene mumamudziwa nkhope ndi kwawo. Mukafika pa nyumbapo, yang'anani izi osachita manyazi: chitseko chili ndi loko yolimba? Mawindo ali ndi zitsulo? Denga likuonetsa madontho a mvula? Chimbudzi ndi bafa mukugwiritsa ntchito anthu angati? Madzi amatuluka nthawi zanji, ndipo akasiya mumatunga kuti? Mayunitsi a magetsi amagula ndani? Funso lomalizali ndi limene limayambanitsa anthu kwambiri. Ngati mita ndi imodzi ya nyumba zingapo, mumve bwino momwe mumagawanira, makamaka ngati wina ali ndi hotipuleti ndi ayironi pomwe inu mumangotchaja foni.

Zimene mwagwirizana ndi alandilodi zilembedwe, ngakhale papepala la m'kope, nonse musayinire, ndipo mulijambule pafoni. Mulembemo lendi, tsiku lolipira, ndi zimene zimachitika nthawi ya holide kapena sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi. Risiti ya mwezi uliwonse muzisunga.

Katundu wofunika si wambiri: neti yoteteza udzudzu, bulangete lolemera chifukwa Juni ndi Julayi ku Zomba kumazizira kwenikweni pansi pa phiri, ambulera, ndowa ziwiri, poto ziwiri, mbale, mthiko, loko yanuyanu, ndi nyali yotchaja. Ngati kwanu angathe kukupatsani ufa, nyemba, mtedza kapena mpunga, nyamulani osaona ngati n'zochititsa manyazi. Thumba la ufa limenelo lidzakhala lamtengo wapatali kuposa nsapato zatsopano. Mapepala onse, kalata yokuitanani, chiphaso cha unzika, zotsatira za MSCE ndi zithunzi zing'onozing'ono, muike mu envulopu imodzi ya pulasitiki, ndipo chilichonse mukhale ndi fotokope yake.

Ngati mukufuna ngongole ya boma, imadutsira ku Higher Education Students' Loans and Grants Board. Tsatirani zilengezo zawo nokha, osadalira mphekesera za m'magulu, ndipo lembani mafomu tsiku lotseka lisanayandikire. Kumbukirani kuti ndi ngongole, mudzabweza mukadzamaliza sukulu kuti mng'ono wanu adzapezenso mwayi. Kumbukiraninso kuti ndalamayo siingafike tsiku limene mukuifuna. Fikani ku Zomba muli ndi chokudutsitsani masabata oyamba.

Sabata yoyamba: yendani ndi miyendo, funsani ndi pakamwa

Mudzatchedwa yaro, dzina la wophunzira wa chaka choyamba. Amene anayamba kale, makonti, ena adzakusekani, ena adzakuthandizani moona mtima, ndipo ena adzakuthandizani ali ndi cholinga china. Kusekedwa pang'ono musakuike kumtima. Koma wina akayamba kukuopsezani, kukulandani katundu kapena kukukakamizani kuchita zimene simukufuna, kumeneko si kucheza, ndipo ofesi yoona za umoyo wa ophunzira ilipo chifukwa cha zoterozo. Idziweni komwe ili tsiku loyamba lomwe.

Misonkhano ya orientation musaithawe ngakhale ikutopetsa. Kumeneko n'komwe amafotokoza malamulo a maphunziro: magiredi ofunika kuti mupitirire, amene amaloledwa kulemba sapu (mayeso obwereza kosi imene walephera), ndi amene amachotsedwa sukulu, chimene ophunzira amati kuwididwa. Pezani buku la malamulowo muwerenge nokha. Zimandiwawa kuona wophunzira akumva lamulo koyamba tsiku limene lamugwira.

Kenako yendani. Tengani ndandanda ya makalasi anu, mupeze chipinda chilichonse tsiku la kalasi lisanafike. Dziwani laibulale, kiliniki, ofesi ya dipatimenti yanu, Great Hall, bwalo la zamasewera, malo amene intaneti imagwira bwino, ndi malo opulintira mapepala. Tsikirani m'tauni mukaone msika waukulu wa Zomba ndi wa Mpondabwino, ndipo mudziwe njira ya ku Zomba Central Hospital musanadwale. Kalembera wa makosi mumalize mwachangu, ndipo muonetsetse kuti dzina lanu lili pa kosi iliyonse imene mukuphunzira. Lowani pa gulu la WhatsApp la kalasi yanu, sungani nambala ya kalasi repu, chifukwa kusintha kwa chipinda kapena nthawi kumalengezedwa kumeneko.

Khalani pansi ndi mesho wanu zinthu zisanavute

Mesho, mnzanu wokhala naye chipinda chimodzi, ndi munthu amene adzakuonani mukudwala, mukulira, mulibe sopo. Mwina ndi wa ku Karonga inu a ku Nsanje, mwina ndi Msilamu inu a CCAP, mwina amawerenga usiku inu mumadzuka 4 koloko m'bandakucha. Palibe cholakwika pamenepo. Cholakwika ndi kungokhala chete poopa kuoneka ovuta, mpaka tsiku limene mkwiyo wa miyezi itatu udzatulukire pa nkhani ya supuni ya shuga.

M'sabata yoyamba, mukadali aulemu wina ndi mnzake, kambiranani momasuka. Tiphika pamodzi kapena aliyense payekha? Ngati pamodzi, tisonkha zingati ndipo asunga ndani? Getsi tizima nthawi yanji? Alendo amabwera mpaka nthawi yanji, ndipo chibwenzi chikabwera mnzako apita kuti? Zovala, laputopu ndi tchaja timabwerekana kapena ayi? Akusesa ndi kutsuka ndani lero? Nkhani ya alendo musaidumphe. Palibe amene ayenera kugona pakhonde kapena kuzungulira m'misewu usiku m'chipinda chimene akulipira lendi.

Mukasemphana, yankhulani ndi mwiniwakeyo poyamba, osati pa status kapena kwa anthu a chipinda choyandikana. Mesho sayenera kukhala mnzanu wapamtima. Ulemu ndi kukhulupirika pa katundu n'zokwanira, ndipo ubwenzi ukabwera ubwere wokha.

Ndalama: igaweni tsiku limene yafika

Apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene pagona zambiri. Ndalama ikalowa mufoni kapena ku banki, kaya ndi ya upkeep (ya chakudya ndi pogona yochokera ku ngongole ya boma ija), ya makolo kapena ya amalume a ku Joni, mutu umauza munthu kuti walemera. Masiku atatu oyamba mumadya tchipisi ndi nkhuku, mumagulira anzanu, mumakwera kabaza ulendo woti mukanayenda pansi. Pofika sabata yachitatu ndi phala lopanda shuga.

Chitani motere. Tsiku lomwelo, musanagule chilichonse chokoma, lipirani lendi. Kenako gulani zinthu zosawonongeka za mwezi wonse: ufa ngati mulibe, mpunga, nyemba, soya pieces, mafuta ophikira, mchere, shuga, sopo, makala kapena mayunitsi, ndipo kwa atsikana mapadi. Patulani ya kupulinta ndi fotokope, chifukwa maasayimenti amabwera onse nthawi imodzi. Patulaninso kandalama kadzidzidzi, kokwanira ulendo wopita kwanu kukagwa maliro kapena matenda, ndipo kameneka muike pamalo povuta kukafikira, osati mufoni imene mumagulira bandulo. Yotsalayo igaweni m'masabata anayi. Ya sabata ino ikatha Lachinayi, dikirani Lolemba, musabe ya sabata yamawa.

Lembani chilichonse chimene mwagula kwa mwezi umodzi, ngakhale mandasi. Mudzadabwa kuona kuti chimene chikukumalizani si ndiwo ayi, koma bandulo, kabaza ndi tizakudya tapanjira. Bandulo muzigula ya sabata kapena ya mwezi, zinthu zikuluzikulu muzikopera pa intaneti ya pasukulu, ndipo muzimitse zoti mavidiyo a m'magulu azidzilowera okha.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti muzipewe. Choyamba ndi katapila. Wobwereketsa wa chiwongoladzanja chachikulu amafuna chikole, ndipo chikole cha wophunzira ndi laputopu kapena foni, zida zomwe mukuphunzirira. Mwezi wotsatira ndalama ikafika imangodutsa m'manja mwanu kupita kwa iye, mumabwerekanso, ndipo simutulukamo. Chachiwiri ndi kubetcha mpira ndi timasewera ta pafoni tija. Mnzanu akawina amauza aliyense, akaluza sauza munthu. Masewerawo anapangidwa kuti mwini wake azipindula, ndipo wophunzira amene wayika fizi poganiza kuti aichulukitsa amakhala atayika chaka chake chonse.

Kubwereketsa anzanu nakonso kufuna nzeru. Perekani ndalama imene mungathe kupirira itapanda kubwerera. Kunena kuti "pepani, ndilibe yoti ndingabwereketse" si nkhanza. Ndipo inu mukabwereka, bwezani tsiku limene munalonjeza ngakhale pang'ono, chifukwa mbiri ya munthu wosabweza imayenda msanga pa Chirunga.

Kageni kakang'ono n'kabwino ngati sikakudyerani makalasi: kuluka tsitsi, kumeta, kugulitsa kaunjika, kukonza mafoni, kuphunzitsa ana a sekondale masamu Loweruka. Yambani semesita yachiwiri, mutadziwa kulemera kwa maphunziro anu.

Kudya

Kuphika nokha kapena ndi mesho kumatchipa kuposa kugula pa lesitilanti tsiku lililonse, koma kumadya nthawi. Njira yake ndi kuphika mwadongosolo. Nyemba zivikeni usiku kuti zisamalize makala. Phikani ndiwo zokwanira nkhomaliro ndi mgonero nthawi imodzi. Masamba, tomato ndi anyezi muzigula ku msika, osati pa kaokala ka pafupi ndi geti, ndipo mukapita awiri kapena atatu n'kugula mulu waukulu mumapindula. Bonya, usipa, matemba, mazira, soya pieces, nyemba ndi masamba otendera zimasinthanasinthana bwino sabata yonse. Nyengo ya mango, mapeyala, mbatata ndi chimanga chachiwisi, idyani zimenezo.

Musapite m'kalasi ya 7:30 m'mimba muli mbee. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro limapsa msanga ndipo limakufikitsani masana. Madzi akumwa, ngati simukudziwa komwe achokera, wiritsani kapena thirani mankhwala, makamaka nthawi ya mvula. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa kuti matendawa sasankha wophunzira ndi wosaphunzira. Mbaula yamoto musagone nayo m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji. Mpweya wa makala sununkha koma umapha anthu ali m'tulo.

Mangani tsiku lanu mozungulira makalasi

Ku sekondale belu linkakuuzani chochita. Kuno mungakhale ndi kalasi 8 koloko, ina 2 koloko, ndipo pakatipo palibe wokulondolani. Maola apakati amenewo ndi amene amasiyanitsa ophunzira. Wobwerera ku Chikanda "kukapuma pang'ono" amagona, amachedwa, ndipo kalasi ya masana imamudutsa. Mukachoka m'mawa, nyamulani zonse za tsikulo, botolo la madzi ndi kachakudya, mukhale pasukulu ngati munthu wapantchito mpaka madzulo.

Lamulungu madzulo tengani pepala mulembe sabata yonse. Yambani ndi makalasi. Kenako ikani maola owerenga, ndipo kosi iliyonse ikhale ndi nthawi yake yodziwika, makamaka imene mukuiopa. Osalemba kuti "kuwerenga" basi. Lembani kuti "Lachitatu 10 mpaka 12, laibulale, mafunso a mutu wachitatu." Ikaninso nthawi yochapa, yopita ku msika, yopemphera, yamasewera ndi yocheza. Macheza akakhala ndi nthawi yake mumacheza ndi mtima wonse, osamva kuti mukuba.

Manotsi a tsikulo muziwaonanso tsiku lomwelo, ngakhale kwa mphindi makumi awiri, zimene aphunzitsi ananena zikadali m'mutu. Asayimenti muiyambe tsiku limene yaperekedwa, ngakhale kungowerenga funso ndi kupeza mabuku awiri. Magiredi a maasayimenti ndi timayeso ta pakati pa semesita amawerengeredwa ku zotsatira zomaliza, choncho amene akuti "ndidzalimbikira pa mayeso akulu" wayamba kale ndi ngongole. Kukopera ntchito ya mnzanu kapena ya pa intaneti n'kuipereka ngati yanu ndi mlandu waukulu ku yunivesite. Phunzirani msanga momwe dipatimenti yanu imafunira kuti muzitchulira mabuku amene mwagwiritsa ntchito.

Magetsi amazima, ndiye tchajani foni, laputopu ndi nyali nthawi iliyonse imene alipo. Ntchito yanu muzisunga malo awiri, pa kompyuta ndi pa imelo kapena Google Drive. Laputopu imabedwa, imanyowa, imafa usiku woti mawa mupereke.

Kagulu kowerengera pamodzi kakhale ka anthu atatu mpaka asanu. Aliyense abwere atawerenga kale, mugawane mafunso a mayeso akale, wina afotokoze ena afunse. Kufotokozera mnzanu ndiyo njira yodziwira ngati mwamvadi. Gulu likasanduka bwalo la nkhani za Bullets ndi Wanderers, lisiyeni mwaulemu, mpirawo mukakambirane Loweruka.

Aphunzitsi musawaope. Pitani ku ofesi yawo nthawi imene anaika, muli ndi funso lenileni: "Madamu, ndawerenga mutu uwu, koma apa pokha sindikumva." Ambiri amakondwa ndi wophunzira wotero. Polemba imelo kapena uthenga, perekani moni, tchulani dzina lanu, nambala yanu ndi kosi, ndipo musatumize pakati pa usiku.

Tulo nato ndi mbali ya sukulu. Kuchezera usiku wonse kamodzikamodzi kumachitika, koma kukakhala chizolowezi mutu sugwira kanthu.

Sankhani anzanu, ndipo lowani gulu limodzi kapena awiri

Anzanu a sabata yoyamba kawirikawiri ndi amene munakumana nawo pamzere wa kalembera kapena a sukulu imodzi ku sekondale. Palibe choipa, koma musadzitsekere pamenepo. Yunivesite ndi malo amodzi mwa ochepa kumene Mtumbuka, Myao, Mlomwe, Msena, Mtonga, Mngoni ndi Mchewa amadyera mbale imodzi zaka zinayi. Amene amangocheza ndi a kwawo okha amatuluka ndi digiri koma dziko lake osalidziwa. Phunzirani moni wa chinenero cha mnzanu, mupite kwawo holide ina akakuitanani.

Muone anthu kwa mwezi umodzi musanawatsegulire mtima wonse. Mnzanu weniweni amakudzutsani kalasi ya m'mawa, amakusungirani malo, amakuuzani zoona mukalakwa, ndipo sakusekani mukanena kuti lero mulibe ndalama yotulukira. Amene amangooneka ndalama ikafika mumudziwa pofika mwezi wachiwiri.

Mudzakumana ndi ana a mabanja opeza bwino, a mafoni odula, olankhula Chingerezi cha ku sukulu zapamwamba. Ngati munachokera ku CDSS ya kumudzi, mtima ungayambe kukuuzani kuti simuli oyenera pano. Musaumvere. Munalowa pa geti lomwelo ndi mapointi anu. Chingerezi chimakula ndi kuwerenga ndi kuyankhula, choncho funsani mafunso m'kalasi ngakhale mawu akunjenjemera. Ndipo inu amene munakulira m'tauni, musaseke kalankhulidwe ka mnzanu. Mwina ndi iyeyo amene adzakufotokozereni masamu chaka chonse.

Magulu alipo ambiri: a mapemphero monga SCOM, CCAPSO, la Akatolika, la Adventist ndi la ophunzira achisilamu, makwaya, magulu a zisudzo amene Chanco yakhala ikudziwika nawo kuyambira kalekale, a mtsutso, a olemba, a zamalamulo ndi ufulu, wailesi ya pasukulu, mpira wamiyendo, wamanja ndi basketball. Sabata zoyamba zungulirani muone, kenako sankhani limodzi lokudyetsani mtima ndi lina lokupatsani luso. Osapitirira awiri chaka choyamba. Ngakhale gulu la mapemphero, ngati likufuna kuti muzipezeka usiku uliwonse mpaka maphunziro kulowa pansi, chepetsani. Mukalowa gulu, gwirani ntchito: lembani maminitsi, sungani ndalama, konzani msonkhano. Luso limenelo ndi limene mudzalifotokoze pofunsira ntchito.

Ndale za ophunzira zili ndi malo ake, ndipo bungwe la ophunzira ndi lanu, kavoteni. Koma zionetsero zikayamba, dziwani chimene mukuyendera, ndipo musagwire mwala kapena kuphwanya katundu chifukwa khamu likutero. Sukulu ikatsekedwa, amene amavutika kwambiri ndi wosauka amene lendi yake yapita pachabe.

Zomba ndi tauni yokongola, musathe zaka zinayi mukungodziwa njira ya ku kalasi. Loweruka lina nyamukani m'mawa gulu, mukwere phiri, mukaone damu la Mulunguzi, mathithi a Williams ndi Emperor's View, pomwe mumaona chigwa chonse mpaka nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje kukakhala kowala. Pitani ambiri, nyamulani madzi ndi chakudya, mutsike dzuwa lisanalowe. Botanical Gardens ili pafupi, ndipo ndi malo abwino opumira mutu ukatentha.

Zibwenzi, mowa ndi usiku

Muli pa msinkhu wokonda ndi kukondedwa, ndipo mabanja ambiri abwino anayambira pa Chirunga. Langizo langa ndi loti semesita yoyamba musathamange. Makonti ena amadikira mayaro ngati nyengo yokolola, ndipo mtsikana kapena mnyamata amene sakudziwa aliyense amakopeka msanga ndi woyamba kumusonyeza chifundo. Funsani mbiri ya munthu. Dikirani muone ngati amalemekeza nthawi yanu ya kalasi ndi mawu anu oti ayi.

Chibwenzi chimene chikukulipirirani lendi ndi chovuta kuchikana chilichonse. Izi zikukhudza abambo a magalimoto oima pa geti madzulo, komanso kulowana m'nyumba imodzi ngati banja pofuna kupulumutsa ndalama, mtsikana n'kusanduka wophika ndi wochapa mnzake akuwerenga. Ngati wogwira ntchito pasukulu aliyense akukufunani posinthana ndi magiredi, sungani mauthengawo ndipo kaneneni ku ofesi yoyenera. Mlandu si wanu.

Ngati mwasankha kudziletsa, gwiritsitsani osachita manyazi. Ngati mukugonana, kondomu nthawi iliyonse, ndipo kayezetseni HIV nonse awiri. Ku chipatala kuli njira zolera ndiponso PrEP, mankhwala oteteza amene ali pa chiopsezo. Pakachitika ngozi, kondomu yaphulika kapena mwagwiriridwa, thamangani ku chipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP oteteza HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira bwino mukamwa msanga. Zithunzi zamaliseche musatumizire munthu, ngakhale mumamukonda bwanji. Chikondi chikhoza kutha chithunzicho chidakali mufoni mwake.

Social weekend ndi madisiko zimasangalatsa, pitani mukavine. Koma nyamukani ndi anzanu amene mwapangana kuti mubwerera limodzi, ndipo wina asasiyidwe. Tengani ndalama yokhayo mwakonza kuononga. Chakumwa chanu musachisiye pa tebulo n'kudzachimwanso. Ngati simumwa, simuyenera kufotokozera munthu chifukwa chake. Ngati mumamwa, idyani kaye, pewani timowa taukali totchipa tija, ndipo mukaona kuti mowa wayamba kulowa m'masiku a sukulu, dziwani kuti wayamba kukulamulani. Kusuta chamba n'koletsedwa ndi malamulo a dziko, ndipo chambacho chasokoneza mitu ya achinyamata ambiri anzeru.

Usiku njira za ku Chikanda musayende nokha mutanyamula laputopu. Mukawerenga mochedwa pasukulu, pangani gulu lobwerera limodzi, foni ikhale m'thumba, ndipo mudutse njira yodutsa anthu ngakhale ndi yozungulira.

Mtima ukalemera, ndi nkhani ya kwanu

Pafupifupi aliyense amafika sabata imene amafuna kungolongedza n'kubwerera. Mayeso oyamba sanayende, ndalama yatha, kwanu kuli matenda, chibwenzi chatha. Kupukwa kwa masiku ochepa n'kwachibadwa. Koma mukaona kuti padutsa masabata awiri simukugona, simukudya, simukufuna kuona munthu, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, uzani munthu lero lomwe: mlangizi wa pasukulu, a kiliniki, abusa, ansembe, ashehe, kapena mnzanu wokhulupirika amene angakuperekezeni. Anyamata, izi zikukhudza inunso. Mawu oti mwamuna salira atitayitsa anthu ambiri. Ndipo mnzanu akasowa m'kalasi masiku atatu, osangotumiza uthenga, pitani mukagogode pa chitseko chake.

Kwanu muziimba foni tsiku lodziwika sabata iliyonse, osati pokhapokha mukufuna ndalama. Auzeni zoona za fizi ndi zotsatira. Wophunzira amene walephera kosi n'kubisa amanyamula katundu wolemera kawiri. Komanso abale ena akamva kuti mwalandira upkeep amayamba kupempha ya feteleza kapena ya fizi ya mng'ono wanu. N'zowawa kukana, koma fotokozani mwaulemu kuti ndalamayo ndi ya lendi ndi chakudya, ndipo mukaigawa sukulu ithera panjira.

Mayeso akayandikira

Kukatsala masabata anayi, sinthani ndandanda. Chepetsani misonkhano ya magulu, imitsani geni, ndipo uzani anzanu poyera kuti muonana mukamaliza. Lembani mitu yonse ya kosi iliyonse, muike chizindikiro pa imene simukuimva, muyambire imeneyo. Mayeso akale muziyankha polemba ndi dzanja mutatchera nthawi, osangowerenga mafunso n'kugwedeza mutu. Fizi ndi zonse zokuyenerezani kulowa m'chipinda cha mayeso muzitsimikizire kukadali nthawi, ndipo ngati pali vuto pitani ku ofesi msanga m'malo modikira tsiku lomaliza. Ndandanda ya mayeso muione nokha pa chikalata chovomerezeka, ndipo muzibwerezanso kuiona chifukwa imasintha. Likasa, pepala loonera mayankho mobera, musalowe nalo, ndipo foni isiyeni kunja. Kugwidwa mukubera kungakuchotsetseni sukulu, pomwe kulephera kosi imodzi kuli ndi njira yokonzera.

Mukadwala nthawi ya mayeso, pitani ku kiliniki tsiku lomwelo mutenge kalata, ndipo dipatimenti idziwe mwachangu. Mukamaliza pepala lomaliza, musananyamuke, gwirizanani ndi alandilodi za chipinda cha semesita yamawa, bwezani mabuku a laibulale, ndipo manotsi anu mupite nawo kwanu kuti mukaitanidwa ku sapu musadzayambe kuwafunafuna.